Dzanja la Ezekiele M'nyimbo Yatsopano

Pa Golomoti, ngati mukufuna mkangano wosatha, pitani pometera tsitsi pa Oscar Loweruka masana mukatchule za Mabingu a Bwanje. Ili ndi gulu loimba la anyamata a konkuno, la magitala olira ngati chigayo, nyimbo zake zotalika mpaka mphindi khumi ndi ziwiri, zosintha kayendedwe munthu usanakonzeke. Ambiri amati ndi phokoso chabe. Koma Wenceslaus, mphunzitsi wa ku Mua, ankazidziwa nyimbozo ngati katekisimu, ndipo ukalakwitsa pozitchula ankakukonza pagulu osakumvera chisoni.

Zinthu zinayamba kuvuta pamene Ezekiele, woimba ng'oma wa gululo kuyambira pachiyambi, anasiya mwakachetechete osatsanzika. Pampando pake panakhala Kumbukani, mnyamata wa ku Mtakataka amene anthu sankamudziwa n'komwe. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, Kumbukani yemweyo ndi amene ankafunsira Veronika, mlongo wake wa Wenceslaus. Amalume awo anali atanena kuti sangalole chinkhoswe asanamve mawu a Wenceslaus, poti iye ndiye ankadziwa za anthu oimbawa.

Loweruka limenelo nyimbo yatsopano ya gululo inkalira pa sipika ya Oscar.

"Zasintha izi," anatero Oscar, makina ometera ali m'manja. "Magitala afewa, ng'oma ndiye ikungothamanga ngati minibasi yolimbirana anthu."

"Inu mumangokonda zakale basi," anayankha Doreen, wosoka zovala pakhonde pomwepo. "Kumbukani ali ndi dzanja. Vomerani."

Wenceslaus sanaseke. "Dzanja lake kapena la eni ake? Bwezani nyimboyo, muyambire pa mphindi ya naini."

Tsono apa mpofunika kudziwa kaimbidwe ka Ezekiele. Pambali pa ng'oma zogula kusitolo, iye ankaika imodzi yachikopa cha ng'ombe, yomata phula pakati, yowamba pamoto nyimbo isanayambe. Poti nyimbo zawo n'zazitali, ng'omayo imazizira zili m'kati, mawu ake n'kutsika. Wina aliyense akanati yawonongeka. Ezekiele ankayeza kawambidwe kake kuti izizire pomwe nyimbo ikuyamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo pamenepo ankaimenya ndi m'mbali mwa chikhatho, katatu kenako kawiri.

Oscar anabweza nyimboyo. Pa mphindi ya naini ng'oma inatsika mawu, n'kumveka katatu kenako kawiri.

"Mwamva?" anatero Wenceslaus, ataimirira tsitsi lisanathe kumetedwa. "Ameneyo ndi Ezekiele. Mnyamatayu watenga zojambula zakale pa kompyuta, wamata m'nyimbo yatsopano, dzina n'kulemba lake. Munthu wamulanda mpando, tsopano akumuberanso dzanja."

"Aphunzitsi, mwaona ndi maso anu?" anafunsa Doreen.

"Khutu langa silinama."

Lamulungu potuluka ku Misa Wenceslaus anawakokera pambali amalume ake n'kuwauza kuti munthu woba ntchito ya mnzake sangasunge mlongo wake. Veronika atamva analira, ndipo anasiya kumupatsa moni. Zinamupweteka Wenceslaus, tisaname, poti mlongo wakeyo ankamukonda kwambiri. Koma ankadzilimbitsa mtima kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, tsiku lina adzamuthokoza.

Komabe mtima sunakhazikike. Ankafuna Ezekiele mwini wake anene ndi pakamwa pake, kuti otsutsa onse atseke pakamwa. Lachitatu ataweruka kusukulu anakwera njinga ulendo wa kumudzi kwa Ezekiele. Asanafike pakhomo anamva ng'oma kuseri kwa nyumba, katatu kenako kawiri, ndipo anamwetulira kuti mwini dzanja uja ndi ameneyu.

Atazungulira nyumba, kumwetulirako kunathera pomwepo. Woimba ng'omayo anali Kumbukani, thukuta lili kamukamu. Ezekiele anakhala pa mpando pafupi ndi moto wa zitsononkho, akuwerengera ndi phazi. Dzanja lake lamanja linali pamwendo, likunjenjemera lokha osapuma.

"Aphunzitsi, mwatipeza," anatero Ezekiele. "Khalani pansi, musaime ngati mwabwera kudzagwira wakuba."

Wenceslaus anakhala, maso ali padzanjapo.

"Miyezi isanu ndi itatu tsopano," anapitiriza Ezekiele. "Ndodo zoimbira ng'oma sindingagwire, ngakhale supuni imandivuta. Mwana uyu amabwera kuno katatu pa sabata. Ndamupatsa zonse, ndi kawambidwe komwe. Poyamba ankandiotchera zikopa, koma pano khutu lake laposa langa."

"Nanga bwanji simunanene? Anthu akulankhula zambiri."

"Anthu athu mukuwadziwa inu. Akamva kuti dzanja langa layamba chonchi mwezi womwe mnyamatayu wakhala pampando wanga, adzati wandilodza. Mfiti kuno sayifunsa mafunso, amaiotchera nyumba. Bola azinena kuti ndinatopa. Ndiye inunso chonde, zimene mwaona zithere pompano."

Nthawi yonseyi Kumbukani ankatembenuza ng'oma pamoto, kuigogoda ndi chala kuti amve ngati yakoka. Kenako analankhula osadzutsa mutu.

"Aphunzitsi, amalume anu anatuma munthu kwathu dzulo. Akuti ndisadzapondenso pakhomo paja, za chinkhoswe zatha. Akuti wina wodziwa nyimbo anawauza kuti ndine wakuba, koma dzina lake sananene." Anaika ng'oma pansi n'kumuyang'ana. "Inu nyimbo zathu mumazidziwa kuposa aliyense, ndipo amalume amakumverani. Mungakandilankhulireko?"

Wenceslaus anaona kuti njira zonse zatsekeka. Akapita kukaulula za dzanja la Ezekiele, mnyamatayu akhala mfiti. Akakhala chete, akhalabe wakuba, ndipo Veronika sadzakwatiwa naye. Manyazi anamugwira mpaka m'mafupa, analakalaka nthaka itang'ambika. Onse awiri ankamuyang'ana mwachidaliro, ndipo zimenezo ndi zimene zinamupweteka kwambiri.

"Wodziwa nyimbo ameneyo," anatero Wenceslaus, "ndine."