Tinyanga Tiwiri

Achimwene anga a Gwanda ankadyera tigulugufe. Ntchito yawo ku ofesi ina ya zaulimi inali kugwira tigulugufe ting'onoting'ono, kutibaya ndi maphini, n'kulemba kuti aka ndi ka mtundu wakuti. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kukalambira zimenezo. Koma maso anali nawo, ndisawanamizire.

Ine ndinafika kwawo ku Kawale mu Januwale wa 2002, chaka cha njala chija. Amuna anga anali atamwalira, abale awo atandilanda nyumba ndi munda ku Dedza. Chomwe ndinapulumutsa chinali thumba limodzi la chimanga, ndipo ndinkagona nalo m'kachipinda ka kuseri. Alamu anga a Tracy analandira thumbalo ndi manja awiri, ine anandilandira ndi diso lam'mbali. Nyumbayo inali ya bambo awo a Tracy, choncho achimwene ankatsokomola mopempha.

Sabata yoyamba tigulugufe tinayamba kutuluka m'thumba muja. Achimwene anagwira kamodzi, anandiitana pakhonde, n'kundipatsa galasi lawo lokulitsira zinthu.

"Taona, Lena. Mutu wake ndi wosalala, ndipo pakamwa pali tinyanga tiwiri topindikira m'mwamba. Aka ndi ka chimanga basi, nsalu sikadya. Njenjete yodya zovala ilibe tinyanga totere. Mutu wake ndi watsitsi lanyankhalala, lofiirira."

Ndinationadi tinyangato. Ndinasangalala, chifukwa chichokere kumaliro panalibe amene anandiyankhula ngati munthu wanzeru.

Lamlungu lina mu Febuluwale, tikukonzekera za kutchalitchi, alamu anatulutsa m'wodilopu jekete lawo laubweya lomwe anagula pa kaunjika Khirisimasi isanafike. Linali mabowo okhaokha. Suti ya achimwene nayo inali italawidwa paphewa.

"Ndi zigulugufe za m'thumba mwake zimenezi," anatero alamu, akukutumula jeketelo pabwalo kuti azimayi a pampopi aone bwino. "Wandilowetsera za kumudzi m'nyumba. Bambo a nyumba ino, si inu ekisipati? Tiuzeni. Ngati ndi zake, lero lomwe azipita. Mlendo ndi mame."

Mtima wanga unakhala m'malo. Mlanduwo unali wapafupi, ndipo woweruza anali m'bale wanga wobadwa naye bere limodzi. Alamu anatola kagulugufe kamodzi m'wodilopu, ine ndinagwira kena pathumba, tinayika tonse tiwiri pambale yoyera. Achimwene anatulutsa galasi, anawerama.

Anayang'ana koyamba, anayang'ana kachiwiri, anabwereranso koyamba. Munthu amene ankadziwa mtundu wa kagulugufe kakuuluka, tsiku limenelo anachedwa mpaka ndowa ya mayi wina inasefukira pampopi. Kenako anayang'ana akazi awo.

"Ndi mtundu umodzi," anatero.

"Achimwene, nanga tinyanga tija?" ndinafunsa. "Tandibwerekani galasilo ndione."

Analiponya m'thumba la malaya. "Iwe sukulu unalekezera sitandade faifi. Zasayansi uzisiye."

Azimayi aja anaseka, ndipo wina anati kumudzi kwatulukanso madokotala. Ndinachita manyazi mpaka makutu kutentha. Akuti chibale ndi fupa sichiola, koma amene ananena zimenezo sanagoneko ku Kawale chaka cha njala.

Ndinamanga zovala zanga m'chitenje, n'kukoka thumba langa kufika nalo pakhomo. Alamu analiponda ndi nsapato yawo ya kutchalitchi.

"Ichi sichingakwere minibasi, mungafalitse tizilombo dziko lonse. Si choncho, bambo?"

"Lamulo lake ndi lomwelo," anayankha achimwene, maso ali pansi. "Tichithira mankhwala, tikachitaye."

Pamene ndinkatuluka pageti, alamu anali atavula kale nsapato zija. Anali atamasula thumba, akupeta chimanga changa m'lichero, kwinaku akufunsa aneba ngati chigayo cha ku Biwi chimatsegula Lamlungu.

Achimwene anandiperekeza mpaka pasiteji, atavala suti yawo yobooka paphewa. Njira yonse ankakamba za mvula. Minibasi itayima, kondakitala akuitanira anthu a m'tauni, ndinawagwira mkono achimwene.

"Sindibwereranso, musaope. Mungondiuza chimodzi. Ka m'wodilopu kaja, mutu wake unali wotani?"

"Wanyankhalala," anayankha msanga, chifukwa pa ntchito yawo anali asanalakwitsepo. Kenako anandikankhira m'kati ndi dzanja lofewa, n'kuthandiza kondakitala kutseka chitseko.

Ndinafika ku Dedza dzuwa likupendeka, ndili ndi chitenje chokha. Kwa mayi anga aang'ono ndinapeza akusinja mizu ya nthochi, ndipo asanandipatse moni anayang'ana kumbuyo kwanga kuti aone ngati thumba likubwera.