Dera Limene Bambo Ankasiya Lotsegula

Mzime anayamba kupuma bwino tsiku limene bambo ake anatuluka m'chipatala akuyenda ndi miyendo yawo, ngakhale kuti wamanja unkachita kukwakwaza pansi. Sitiroko inawalanda dzanja lamanja ndi theka la mawu, koma moyo inawasiyira. Pasanathe mwezi anayamba kudya okha ndi dzanja lamanzere. Ndevu ankameta okha, ngakhale ankasiya timabala ndi titsitsi pansi pa chibwano. Zonsezi Mzime ankathokoza. Chimodzi chokha ndicho chinkamudya mumtima: kodi mutu wa bambo unali kugwirabe?

Funsolo silinali lake yekha. Achimwene ake, omwe ankakhala mumzinda wina wakutali, anali atanena kale pafoni kuti ngati nzeru za mdala zasokonekera, abwera kudzawatenga.

"Kwathu kuli mpanda, kuli munthu pakhomo tsiku lonse," anatero. "Iwe m'mawa umapita kusitolo kwako. Ukawasiya okha, tsiku lina adzayatsa mbaula n'kuiwala, nyumba yonse n'kupsa ali momwemo."

Mawuwo anali oona, n'chifukwa chake ankawawa. Koma nyumbayo bambo anaimanga ndi manja awo. M'chipinda chakumbuyo munali mabokosi a masipanala a zaka makumi atatu za umakaniko wa mabasi, ndipo anthu a mumsewu wonsewo ankawadziwa, ankawaimira pageti kuwapatsa moni. Kuwachotsa pamenepo kunali kuwakwirira akupuma. Mzime ankadziwa zimenezo bwinobwino.

Gemu ina yolanda madera inabwera ndi mayi wa mafizo, amene ankabwera Lachiwiri lililonse kudzawongola dzanja lofa lija. Anaiika pa tabuleti ya Mzime n'kuwaonetsa bambo kaseweredwe kake. Panali mapu ogawidwa m'madera, dera lililonse ndi nambala ya asilikali ake. Bambo anali abuluu. Kompyuta inkasewera magulu atatu: ofiira, obiriwira ndi achikasu. Wolanda madera onse ndiye wopambana.

Potuluka, mayiyo anamukokera Mzime pakhonde. "Si zala zokha zimene ndikufuna," ananong'ona. "Muziona ngati akutha kuganizira za patsogolo. Mukaona kuti akungodinadina osadziwa chimene akuchita, mundiuze, ndilembe mu lipoti la adokotala."

Basi, Mzime anasanduka mlonda wa tabuleti. Akaweruka kusitolo ya nsalu, ankangoponya chikwama pampando n'kukaima kumbuyo kwa bambo. Ndipo chimene ankaona, abale inu, chinkamuopsa kwambiri. Bambo ankayamba bwino ndithu. Koma gemu ikafika pakati, ankachotsa asilikali m'dera lawo limene linali pamalire ndi ofiira, n'kusiyamo mmodzi yekha. Mmodzi! Tsidya linalo ofiira ali khumi ndi anayi, mano ali pamtunda. Mzime za magemu sankazidziwa, koma kuwerenga ankatha. Munthu wamutu wake sangasiye khomo pululu mbala zili panja.

Tsiku loyamba anati mwina chala chaterereka, n'kuchokapo gemu isanathe. Lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu mtima unamukana, anatambasula dzanja n'kubwezamo asilikali aja m'deramo.

"Siya!" anabangula bambo. Anali amodzi mwa mawu ochepa amene ankatuluka bwino.

"Ndikukuthandizani, bambo. Taonani, akanakulandani."

Bambo anamuyang'ana, milomo ikunjenjemera ndi mawu amene ankakana kutuluka. Anapitiriza kusewera, analuza, n'kuvundikira tabuleti patebulo mwamphamvu. Mzime anapita kukhitchini kukalira. Kapepala ka kuchipatala kanali katanena kuti odwala otere amapsa mtima msanga, ndiye kwa iye ukaliwo unali chizindikiro chachiwiri.

Zinatero masabata atatu. Bambo akatsegula dera, Mzime ankatseka. Bambo akakalipa, Mzime ankawasisita paphewa. M'mawa tabuleti inkapita naye kuntchito chifukwa ankajambulira nsalu za makasitomala, ndiye bambo analibe mpata wosewera okha. Mayi wa mafizo akafunsa, Mzime ankanama osaphethira: "Akusewera bwino kwambiri." Bodzalo linkamuwawa, koma akanatani? Akanapereka yekha bambo ake?

Loweruka lina masana achimwene anatulukira osauza munthu. Anawakumbatira bambo, anayendera nyumba yonse ndi maso, anagwiragwira mabatani a mbaula. Mzime anadziwa kuti awa sanabwere kudzacheza.

"Gemu yawo ija ili kuti?" anafunsa atakhala pansi. "Ndiwaone akusewera."

"Achimwene, mwachoka kutali, yambani mwamwa tiyi."

"Tiyi sathawa. Bweretsa."

"Batire yatha."

"Iwe Mzime, ndakuona ukuichotsa pachaja ndikulowa pano."

Bambo anali atatambasula kale dzanja. Mzime anawapatsa, n'kuima pamalo pake pa masiku onse, kumbuyo kwa mpando. Achimwene anakoka mpando wawo kufupi. Iwo magemu oterewa ankawadziwa, ankasewera pafoni akakhala pa ulendo, ndiye panalibe chowabisira.

Poyamba zinayenda bwino. Abuluu analanda madera atatu, obiriwira ankawaluma kumpoto, achikasu anali phee pakona pawo. Kenako, monga mwa nthawi zonse, chala cha bambo chinapita pa dera la pamalire lija n'kuyamba kuchotsa asilikali. Asanu ndi awiri. Anayi. Mmodzi. Achimwene anakweza nsidze n'kuyang'ana mlongo wawo.

Mzime sanaganize n'komwe. Dzanja lake linangopita lokha.

Koma ulendo uno silinafike. Bambo analigwira m'mwamba, pamkono, ndi dzanja lawo lamanzere. Iii, mphamvu za masipanala zinalipobe! Mzime anayesa kukoka, osatheka. Tsono vuto linali lakuti dzanja losewerera ndilo linali litagwira munthu. Bambo anayang'ana dzanja lawo lamanja lili gone pamwendo. Analuma mano, thukuta linatuluka pamphumi, ndipo dzanjalo linadzuka pang'onopang'ono, likunjenjemera, mpaka chala chimodzi chinagwera pa batani lomalizira ulendo wawo.

Ofiira sanachedwe. Anakhuthukira m'dera lija onse khumi ndi anayi, mapu anafiira mpaka pakati pa dziko la bambo. Mzime anatseka maso. Zatha, anaganiza. Awatenga.

"Dikira," anatero bambo. "Ona."

Anatsegula maso. Obiriwira, amene nthawi yonseyi ankavutitsa bambo kumpoto, anawasiya mwadzidzidzi n'kutembenukira kwa ofiira. Kumudzi kwa ofiira kunali kopanda anthu, asilikali onse anali atathamangira kukadya dera laulere lija. Obiriwira analanda madera awiri ulendo umodzi. Itafika nthawi ya bambo, anamasula mkono wa Mzime, natenga asilikali amene anawachotsa aja, omwe anali atawaunjika m'madera awiri a m'mbali, n'kutseka kumbuyo kwa ofiira. Khumi ndi anayi aja anatsala pakati, kutsogolo kulibe njira, kumbuyo kulibe kwawo.

Achimwene anadzuka pampando. "Ha! Bambo! Mwachita dala zimenezi?"

Bambo anangowayang'ana ndi diso lija ankayang'anira madalaivala onena kuti basi yangozima yokha.

"Ayi, mwina zangochitika," anatero achimwene. "Sindikukhulupirira. Yambitsaninso ina, ndione."

Anayambitsa ina. Mapu anali ena, malire ena, koma pakati pa gemu bambo anasankha dera loyang'anana ndi ofiira n'kulisiya ndi msilikali mmodzi. Ofiira analowa. Obiriwira anatembenuka. Bambo anatseka. Ulendo uno Mzime anapisa manja ake onse awiri m'matumba a siketi.

Achimwene anamenya ntchafu akuseka. "Mzime, waona chimene akuchita mdala? Kompyuta iyi siganiza ngati munthu. Gulu lililonse analipatsa lamulo lake. Ikafika nthawi yake, imayang'ana malire onse, n'kusankha potengera lamulolo, basi. Ilibe zokayikira, ilibe zoti mwina ndi msampha. Bambo aligwira lamulo la gulu lililonse." Anatembenukira kwa bambo, nkhope itawala ngati ya mwana. "Tandiuzani, ofiirawa amafuna chiyani?"

Bambo anameza malovu. Mawu ankabwera limodzilimodzi, koma ankabwera. "Wofiira... dyera. Pofewa... basi."

"Amalowa pamene pali asilikali ochepa, osayang'ana zakumbuyo. Nanga obiriwira?"

"Nsanje."

"Nsanje bwanji?"

Bambo anatambasula dzanja kuonetsa chinthu chachikulu, kenako anachita ngati akuchimenya.

"Amamenya amene wakula kuposa onse! N'chifukwa chake mumawapatsa ofiira dera, kuti akule, obiriwira akusiyeni inu. Mayo ine! Nanga achikasu bwanji simuwakhudza?"

"Chakukhosi," anatero bambo, ndipo liwulo linatuluka lonse lathunthu. "Ukamenya... saiwala."

"Amabwezera amene wawayamba, mpaka mapeto. Ndiye mumawasiya mpaka atsale okha." Achimwene anagwira mutu. "Ine magemu amenewa ndasewera zaka ziwiri, ndimangodina n'kumatukwana foni. Inu zinakutengerani nthawi yaitali bwanji kuti muzione?"

Bambo anaimika zala ziwiri.

"Masabata awiri?"

"Masiku."

M'nyumbamo munamveka kuseka kumene sikunamvekeko chiyambire matendawo. Mzime ankaseka nawo. Mutu wa bambo unali kugwira! Unali kugwira kuposa wake, kuposa wa achimwene. Katundu amene anasenza milungu yonseyi anangotsika, mpaka anamva njala, anthu inu, njala yeniyeni, koyamba m'masiku ambiri.

Achimwene anatenga tabuleti n'kutsegula pamene gemu imasunga zotsatira. Anachita tsinya. "Koma pali chimodzi sindikumvetsa. Ngati munazigwira m'masiku awiri, bwanji apa pakuonetsa kuti mwaluza maulendo khumi ndi asanu ndi anayi motsatizana? Lero m'pamene mwapambananso."

Bambo anatembenuza mutu pang'onopang'ono, n'kuloza Mzime ndi chala.

Kuseka kwa Mzime kunaduka. Pamenepo m'pamene zinamulowa. Tsiku lililonse bambo ankatchera msampha wawo, tsiku lililonse iye ankaufwamphula. Munthu mawu atamuthawa, njira imodzi yokha imene anatsala nayo yomuuzira mwana wake kuti ndilipo, usaope, inali dera limenelo, ndipo mwanayo ankalitseka ndi dzanja lake n'kuwasisita paphewa ngati khanda. Masabata atatu!

Anagwada pafupi ndi mpando. "Bambo, ndimaopa," anatero, misozi ili chuchuchu. "Ndimaona ngati mutu wasokonekera. Ndimafuna kubisa kuti achimwene asaone, a mafizo asaone, asakuchotseni pano. Ndinawanamiza onse. Kani wosokonekera ndinali ine. Pepani, bambo anga."

Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali. Mbali ya nkhope imene inkagwira inayamba kumwetulira.

"Ine," anatero, akudziloza pachifuwa, "si wachikasu."

Achimwene anaphulika kuseka mpaka kutsokomola. Mzime ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Zitatha, achimwene anawerama akusisita mawondo. Nawonso manyazi anali atawagwira. Miyezi iwiri yonse iwo ndi mlongo wawo ankakangana pafoni za kumene mdala akakhale, koma panalibe amene anaganiza zomufunsa mwini wake.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "ine ndinabwera kudzakutengani. Ndinaganiza kuti kwathu mukakhala bwino. Koma nenani nokha. Mukufuna kukhala kuti?"

Bambo sanafulumire. Anayang'ana mwana wawo wamwamuna, anayang'ana wamkazi ali chigwadire. Kenako anagogoda pansi ndi phazi lawo lamanzere, kawiri.

"Pano."

"Ndamva, bambo," anatero achimwene. "Mukhala pano."

Mzime anatsamiritsa mutu pa bondo la bambo. Patapita kanthawi anamva chinthu cholemera chikutera pa tsitsi lake, chikunjenjemera pang'ono. Bambo anali atanyamulanso dzanja lawo lodwala, ndipo ulendo uno analisiya pamenepo.