Miyala ya Dziwe la Namisundu

Kumtunda kwa boma la Kasupe, pakati pa mapiri awiri, kunali dziwe lathu la Namisundu. Madzi ake anali obiriwira ngati ndulu, ozizira mpaka m'mafupa, ndipo anthu ankati palibe anaonapo pansi pake. A Goliati, tcheyamani wa Chipani m'dera lathu, ankalitcha nyanja. Bambowa ankaulakalaka mpando wa utcheyamani wa boma lonse mpaka kuwonda nawo, ndipo anaganiza kuti nyanjayo ndiyo idzawakweze. Choncho anaitana bwana wina woona za alendo kuchokera ku Blantyre.

Masiku amenewo mlendo wamkulu sankayenda m'njira yopanda miyala yopaka laimu m'mbali mwake. Tsoka ilo, miyala ya m'mudzi inali itathera alendo am'mbuyomu. A Goliati anayang'ana kumapeto kwa dziwe, pomwe madzi ankadontherera m'khwawa, naona miyala yosalala itaunjikana.

"Nyamulani iyo," anatero.

Tonse tinkadziwa kuti miyala imeneyo ndiyo inkatsekereza madzi. Ngakhale mbuzi zinkadziwa. Koma kutsutsa tcheyamani kunali kutsutsa Chipani, ndipo ndani akanafuna kukagona kupolisi chifukwa cha achule? Tinanyamula, uku tikuimba. Wachiwiri kwa a Goliati, Che Usumani, ndiwo ankasenza ikuluikulu, akumwetulira.

Njira inayera mbee! Dziwe nalo linauyamba wotsikira kuchigwa.

Tsiku la mlendo litakwana, Landirova inaima amayi ali pakalikiliki kuvina nyimbo yotama nyanja yozama. Bwana anatsika, kamera ili pakhosi. Patsogolo pawo panali matope akuda, milamba ikuphiriphitha, ndi khasu la munthu wina lomwe linasowa kalekale.

"Bambo tcheyamani," anatero bwana, "paja munati palibe anaonapo pansi pa nyanjayi?"

A Goliati anayankha kuti, "Iyayi bwana, palibe. Oyamba ndinu."

Palibe anaseka. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti tinaomba m'manja.

Bwana anajambula miyala ya m'njira, nayamikira kuyera kwake, nafunsa amene anagwira ntchito yotamandika chotere. Che Usumani anali atafika kale kutsogolo, akuonetsa matuza m'manja. Mpando wa boma unapita kwa iwowo.

A Goliati anatsikira kumunda kwawo, kunsi kwa khwawa, nakapeza nyanja yawo yonse itagona pa chimanga.