Kaboni wa a Petrakis

"Supuni imodzi basi," anatero mayi Noreen, atakumbatira kabokosi ka phulusa. "Kwinako ndi kwanga."

Panali patapita masiku asanu chiwotchereni mtembo wa amuna awo, a Graeme Petrakis. Kwa zaka makumi atatu pa yunivesite ina ku Canberra, bambowa ankawombera kaboni, chinthu chopezeka m'makala ndi m'matupi a zamoyo, ndi kuwala kwa makina a leza mpaka kuyaka, n'kumawerenga mitundu ya motowo. Ali gone m'chipatala anamulumbiritsa mwana wawo Bronwyn kuti phulusa lawo lidzawomberedwenso, banja lidzaone kaboni wawo akuwala.

Mu labotale ya payunivesitepo, a Merv, mnzawo wa pantchito wa malemuwo, anatsendera phulusalo kukhala kam'bulu, nagawa magalasi oteteza maso. Makina anati thwa! thwa! Pakompyuta panatuluka mizere.

"Uwu ndi wa mafupa," anatero a Merv. "Wautaliwu ndi mchere."

"Mchere! Ndinkadziwa ine!" anakuwa mayi Noreen. "Adokotala anawaletsa, chikhalirecho tchipisi ankadyera kuno, eti Merv?"

"Mchere uli m'thupi mwa aliyense, Noreen."

"Usawaikire kumbuyo, wakuba mnzawo iwe."

Bronwyn sanaseke nawo. "Nanga kaboni ali pati?"

A Merv anakanda dazi. "Mulibe, mwanawe. Ng'anjo ija imatentha zedi, kaboni amapita ndi utsi."

Bronwyn mtima unamuwawa. Bambo ake anali asanamupemphepo kanthu chibadwire, ndipo chimodzi chokhachi chamukanika. Misozi inadzadza m'magalasi.

Apo ndi pamene a Merv anatulutsa envulopu m'kabati. "Anati ndikupatse ukayamba kulira, osati usanayambe. Bambo ako anali munthu wovuta."

Munali kapensulo kakafupi, kotafunidwa mbali zonse, ndi kapepala: "Ndinkadziwa kuti simundipezamo, koma wasayansi amayamba wayesa. Mtima wa pensulo ndi kaboni. Womberani uyu, theka lake ndinameza kale."

A Merv anaika kapensuloko m'makina. Thwa! Mizere ya kaboni inaima njoo, ndipo Bronwyn anaseka misozi ili mbwembwembwe.

Mayi Noreen anatola kapensuloko, nakayang'anitsitsa.

"Zaka zonsezi ine ndinkanamizira galu kuti ndiye amatafuna mapensulo," anatero.

Anakapukuta mwaye wa leza ndi chala, kenako anakaluma pang'onopang'ono pomwe panali zipsera za mano a amuna awo.