Khanda la pa Tsamba 41

Eveless ankataipa buku la a Donald pakhonde la nyumba yawo ku Area 14, mwana wake Angela ali kumsana. A Donald anali mlembi wa nkhani zazitali. Chipumire ntchito m'boma anali atatulutsa mabuku asanu, onse olembedwa ndi bolopeni m'makope a ana asukulu. Kompyuta sankaifuna, ati imawathamangitsa. Lamulo la ntchitoyo linali limodzi: kukopera liwu ndi liwu, osasintha kanthu. Amene ankataipa Eveless asanabwere anachotsedwa chifukwa chokonza chiganizo chimodzi chokha.

Vuto linayambira pa tsamba 41. M'nkhanimo, mayi wina dzina lake Zelifa anatsika basi pa depoti ku Old Town, khanda la miyezi inayi lili kumsana, kudzasaka mwamuna wake amene anasowa. Anayenda tsiku lonse, mumsika, pamlatho, mpaka ku maofesi a ku City Centre. Masamba makumi atatu anadutsa, khandalo osalira, osayamwa, osatchulidwa n'komwe.

Eveless ankati akataipa mizere iwiri, n'kupisa dzanja kumbuyo kukhudza phazi la Angela. Anayesetsa kupirira, koma pa tsamba 58 zinamukanika. Anamukhazika Zelifa pansi pa mtengo kuti ayamwitse. Kutsogolo anawonjezanso malo awiri. Lachisanu anapereka mapepalawo, ndipo Loweruka ndi Lamulungu chakudya sichinkatsika. Ntchito ina yololeza mwana kumsana akanaipeza kuti?

Lolemba anapeza a Donald atakhala kale pakhonde, bolopeni yofiira ili m'manja.

"Amake Angela, takhalani apa. Zelifa wanga wayamba kuyamwitsa ine osadziwa. Wamuphunzitsa ndani?"

"Pepani bambo. Ndifufuta pompano."

"Sindinafunse zofufuta."

Eveless anayang'ana geti, kenako mapazi ake. "Mwana uja munamusiya ndi njala kuchokera pa depoti, bambo. Miyezi inayi. Dzuwa la Okutobala. Sakanafika ngakhale pamlatho."

Ndiye pawindo panamveka mawu a akazi awo, mayi Rose: "Auzeni, mwanawe! Ana anayi tinalera muno, iwo anabereka uti kumsana?"

A Donald anaseka mpaka kuvula magalasi. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza achinyamata kuti munthu wa m'buku ali ndi thupi, amamva ludzu, nsapato imamuthina. Lero ine ndemwe ndapha khanda ndi njala." Anatsegula mapepala. "Komatu musasangalale msanga. Apa mwati mtima wa Zelifa unadzaza ndi chikondi chosaneneka. Ngati n'chosaneneka mukunenerenji?" Anadula mzerewo. "Apanso, misozi yachuluka." Anadulanso.

Panatsala malo amodzi.

"Koma apa. Zelifa akukangana ndi mlonda pa geti la ofesi, pakamwa pakuyankhula, dzanja lapita kumbuyo, chala chili pamphuno pa mwana kumva ngati akupuma. Izi munaziwerenga kuti?"

"Sindinawerenge. Ndimatero ineyo."

"Kangati?"

"Sindiwerengera, bambo. Akangokhala chete kwambiri."

A Donald anamuyang'ana, anayang'ananso kamutu ka Angela kali kotsamira m'chitenje.

"Ichi chikhala," anatero. "Ine ndikanakhala pano chaka chathunthu osachipeza."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope latsopano. "Paliponse pamene ndamuiwala mwanayo, lembani umu. Osati mu kompyuta, mwamva? Tizikangana kaye, kenako muzitaipa. Ndipo mumupatse dzina, ine ndinaiwalanso zimenezo."

A Donald atapita kukamwa tiyi, Eveless anakhala ndi kopelo pamwendo. Angela anadzuka n'kuyamba kumukoka kolala. Anamutembenuzira kutsogolo, n'kumuika kubere, ndipo ndi dzanja lotsalalo analemba pamwamba pa tsamba loyamba: Tsamba 44, mumsika. Consolata wanyowetsa thewera, ndipo Zelifa alibe lina.