Mpunga wa Sadaka ya Zaidi

Mphepo ya mwera inali itawomba masiku atatu osaleka, ndipo m'mawa umenewo, cha m'ma teni koloko, mabwato onse anali akadali pamtunda. Chinali chaka cha 1976. Ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku koleji ya zaubusa, ndipo ndinkathandiza pa tchalitchi chathu ku Mwadzama podikira kudzozedwa. Ndinali pakhonde, ndikukonza ulaliki, pamene a Sailesi anafika.

A Sailesi anali Msilamu, mmisiri wosema mabwato, bwenzi la malemu bambo anga. Mudzi wonse unkadziwa tsoka lawo, ngakhale palibe amene ankalitchula mokweza. Mwana wawo Zaidi atakangana ndi mlamu wake pa nkhani ya ukonde, anakamunenera kwa akuluakulu a chipani kuti mlamuyo anayatsira moto khadi lake la chipani. Mlamuyo anatengedwa pa galimoto, osabwereranso. Patapita miyezi iwiri, Zaidi anadzipha kudambo, pafupi ndi mtsinje wa Bua.

"Odi kuno, abusa!"

"Lowani, bambo. Koma ubusawo sindinaulandire."

"Ndevu mulibe, n'zoona, koma mabuku muli nawo. Paja si inu amene munkasanza m'bwato langa lisanachoke n'komwe pagombe?"

Ndinaseka mwamanyazi, ndi kuwapatsa mpando. Iwo anaukana, nakhala pansi.

"Lachinayi akwana masiku makumi anayi," anatero. "Kwathu timaphika sadaka tsiku limenelo, anthu adye, amupempherere wakufayo. Mpunga ulipo, mbuzi ndamangirira. Amayi anu, amake Zaidi, akufunsa ngati ayambe kuitana anzawo kudzasinja. Ine ndawauza kuti adikire kaye."

"Adikire chiyani, bambo?"

"Anthu akuti mwana wanga ali kumoto. Akuti anapha awiri, mlamu wake ndi iye mwini. Sindikutsutsa. Funso langa n'lakuti, munthu ali kumotoko, kodi Mulungu angamufikire? Ngakhale pang'ono chabe, ngati mmene utsi umafikira padenga? Ngati sangamufikire, sindivutitsa anthu ndi mitondo."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanapitire kwa shehe wawo.

"Shehe akanena, ndiye kuti zatha," anayankha. "Koma inu mukanena zoipa, ndikhoza kudzitonthoza kuti ndi mwana, sadziwa kanthu."

Ndikanamvetsa mawu amenewa, ndikanadziwa kuti munthuyo sanabwere kudzaphunzira. Koma ku koleji anatiphunzitsa kuti tisayankhe funso lalikulu ndi maganizo athu. Choncho ndinalowa m'nyumba, ndi kutenga kope langa la chaka chachitatu. Ndinawerenga pang'onopang'ono, ndikumasulira m'Chichewa mosamala, kuti ndisalakwitse liwu ndi limodzi lomwe. Ndinati olangidwa analekanitsidwa ndi Mulungu kosatha, chifuniro chawo chinauma pa tsiku la imfa, ndipo mapemphero a amoyo sawapindulira kanthu.

A Sailesi anamvetsera atazyolika. Nditamaliza anati, "Werenganinso pomalizapo."

Ndinawerenganso.

"Zimenezi analemba ndani?"

"Ndinalemba ndine, bambo, koma mawu ndi a aphunzitsi athu."

"Iwowo ali ndi ana?"

Ndinayankha kuti ali nawo anayi. Anagwedeza mutu, ngati kuti yankho limeneli ndi limene lawagonjetsa.

Kuseri kwa tsamba lomwelo kunali mizere ina itatu, imene ndinailemba ndi pensulo tsiku lina aphunzitsi atapatuka pa phunziro. Iwo anati palibe munthu wodziwa amene ali kumoto, pakuti palibe amene amamva zimene mtima umanena pa mpweya wotsiriza. Anatinso ngakhale wolangidwa sakanakhalapo Mulungu akanamutaya kotheratu, chifukwa chilichonse chimene chilipo chili m'dzanja lake. Chala changa chinali pakona ya tsambalo. Koma mawu a pensulo sanali pa mayeso, ndipo ndinaopa kuti zingamveke kwa abusa aakulu kuti ndikuphunzitsa zokayikitsa ndisanadzozedwe. Ndinaopanso, kunena zoona, kutchula dzina la Zaidi mwachifundo pakhonde loyang'ana kumsewu, m'masiku amene munthu sankadziwa amene akumvetsera. Ndinatseka kope.

Lachinayi limenelo mitondo sinamveke kwa a Sailesi, ndipo mbuzi anaimasula. Patapita zaka, mnzanga wina wachisilamu anandiuza kuti shehe akanawayankha mofatsa kuposa ine, pakuti m'chiphunzitso chawo munthu wokhala ndi kachikhulupiriro kochepetsetsa sakhalitsa kumoto mpaka muyaya. Pamenepo n'kuti a Sailesi atamwalira kale.

Koma m'mawa uja sindinadziwe zonsezi. Ndinangoona munthu wamkulu atazyolika pakhonde langa.

"Ndikuikireni madzi a tiyi, bambo?" ndinafunsa.

A Sailesi anagwira mzati, nadzuka movutikira. Anatsika pakhonde, nalowera njira ya m'minda ya chinangwa.