Chipewa cha Sipayo

Chaka cha 1972 tinkakhala m'phiri kuseri kwa Chipera, titathawa midzi ya waya imene asilikali a atsamunda ankatsekeramo anthu. Ntchito zanga zinali zodziwika: kuphika kusanache ndi kuzimitsa moto, chifukwa utsi unkaitana ndege, kutunga madzi, kupalira mapira mwana wanga Berta ali kumsana, kuyanika nsanza zake pansi pa mitengo, osati poyera. Sukulu ndidalekera kalasi yachiwiri, ndipo kwa ine chinthu chosadyedwa chinkayenera kudikira.

Koma m'phirimo munali vuto. Mabanja ena ankamanga katundu kubwerera ku waya, atanyengedwa ndi mchere ndi nsalu. Misonkhano sinkathandiza. Ndiye Palmira, mphunzitsi amene ankhondo athu adatitumizira, adati tipange sewero loonetsa mmene anthu amanyengedwera. Aliyense adafuna kukhala mlimi kapena wankhondo. Kukhala sipayo, wapolisi wa atsamunda uja, palibe adafuna.

"Ndikhala ine," adatero mwamuna wanga Olímpio, munthu woti ngakhale nkhuku saikalipira.

Adatenga mpini wa khasu langa kuti ukhale mfuti. Thumba langa la mapira ndidalisoka malaya ndi chipewa. Adatenganso kamchere kanga komaliza.

Tidasewera masana pansi pa misuku, popanda ng'oma chifukwa imamveka kutali. Tinkangowomba m'manja motsitsa. Olímpio adatulukira chifuwa patsogolo, akukalipa m'Chipwitikizi. Ana adabisala m'nsalu za amayi awo. Kenaka adagwada, mawu adafewa, natambasula dzanja la mchere.

"Mayi, taonani miyendo ya mwanayu. Tsikani kumusi. Kuli mchere, kuli mankhwala. Ndani akumenyeni?"

Ndidaiwala kuti malayawo ndasoka ndine. Sindinkadziwa kuti ndimagona nyumba imodzi ndi munthu waluso chotere.

M'mawa mwake ndidapita kukabwereka mtondo kwa Teodora, mnansi wanga wa mawu aakulu. Adaukhalira.

"Amake Berta, amuna anu aja kuyenda kotere adakuphunzira kuti? Zija munthu sangopeka ayi."

Kudambo amayi adasiya kuyankhula nditafika. Nthawi imeneyo munthu akatchedwa kazitape ankathamangitsidwa m'phiri, iye ndi banja lake. Ife tikadapita kuti ndi khanda?

"Atate ake Berta, tenthani chipewacho," ndidatero.

"Ndikasiya lero, adzati wagwidwa," adayankha.

Ndidapita kwa Palmira nditakwiya. "Aphunzitsi, sewero lanu litidyetsa kwa afisi."

Adamvetsera mpaka ndidamaliza. "Kulakwa ndi kwanga, mayi. Tidatseka sewero iye adakali m'chipewa, ndiye anthu adapita kwawo ndi sipayo m'mutu. Tibwereze. Pomaliza wosewera aliyense azivula pamaso pa anthu, atchule dzina lake, ndipo amene ali ndi funso afunse pomwepo."

Tsiku lobwereza anthu adadzaza, ena kudzaonera, ena kudzaweruza. Olímpio sadachepetse kalikonse. Adakalipa kuposa poyamba. Sewero litatha adavula chipewa.

"Ndine Olímpio, atate ake a Berta. Ndamva kuti pali funso."

"Lilipo," adatero Teodora ataimirira. "Mudaphunzira kuti?"

Mwamuna wanga adatambasula manja ake. Zala ziwiri zakumanja ndi zopindika, siziwongoka.

"Ku chibalo, tikulambula msewu wa ku Fíngoè. Iyi ndi mbalamatodya, thabwa lomenyera m'manja lija. Amene adandimenya ndidamuyang'anitsitsa, tsiku ndi tsiku. Amene mwamuona lero ndi iyeyo."

Bambo wina wachikulire adatambasula manja ake, nayenso anali ndi zipsera. Wina adatambasulanso ake, winanso.

Palmira adanyamula chipewa. "Mbali imeneyi isakhale ya munthu mmodzi. Ulendo wotsatira avala ndani?"

Olímpio adachilandira nachiveka Teodora.

"Ine? Mwapenga, alamu?"

"Ndi mawu anuwo, mayi, sipayo weniweni angathawe."

Anthu adaseka mpaka Palmira adachita kutikumbutsa za ndege. Teodora adasewera sabata yotsatira, ndipo adaopsa ndithu. Mabanja amene adamanga katundu adamasula. Ana akaona munthu wachilendo wonyamula mchere ankathamanga kukanena.

Phunziro lake ndi ili. Amene wavomera kusewera munthu woipa akugwirira ntchito mudzi wonse, ndipo ndi wolimba mtima. Osewera, musabalalike musanavule zovala za sewero ndi kulola mafunso. Oonera, ngati mukukayikira mnzanu, mufunseni pamaso pa anthu, osati kunong'onezana kudambo.

Zimene zidatipita ndi izi: mpini wa khasu udathyoka pa sewero la Teodora, ndipo Olímpio adasema wina. Thumba silidabwerere, mapira ndinkasunga m'dengu ndipo makoswe adadyako. Mchere adanyambita ana, tidadya ndiwo zozizira mpaka mvula itagwa. Mtondo Teodora adaubweretsa yekha, uli ndi nsinjiro pang'ono m'katimo. Pepani sadanene, ndipo ine sindidamufunse.